Zipangizo Zotsitsimutsira Khanda Zomwe Zimauza Mzamba Ngati Mpweya Ukulowa

Kuchokera ku Namwera kukafika ku chipatala chachikulu cha boma la Mangochi pali mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo msewu wake ndi wokhotakhota potsika mapiri mpaka kukaoloka mtsinje wa Shire. Mayi amene wapeza vuto pochira angathe kutumizidwa pa ambulansi n'kukalandira thandizo ku boma. Koma khanda limene labadwa osapuma silingadikire ulendo umenewu. Moyo wake umadalira zimene mzamba achite m'mphindi yoyamba, pomwepo pachipatala chaching'ono, nthawi zina ali yekha pakati pa usiku.

Anthu ambiri akamva za CPR amaganiza za munthu wamkulu amene mtima wake waima ndipo akumudinikiza pachifuwa. M'zipatala zakumudzi, amene amafunika kutsitsimutsidwa kawirikawiri ndi makanda. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ku Malawi, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 27 ankamwalira mwezi usanathe, ndipo kubanika pobadwa ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za imfa zoterezi. Mwa makanda 10 alionse, limodzi limafuna kuthandizidwa kuti liyambe kupuma. Ambiri amadzidzimuka akangowapukuta bwino ndi kuwasisita kumsana, koma ena amafunika kuwapopera mpweya ndi ambubagi.

Khanda limasiyana ndi munthu wamkulu pa mfundo imodzi yofunika. Mtima wa khanda lobanika nthawi zambiri umakhala wabwinobwino, ndipo umagunda pang'onopang'ono chifukwa chosowa mpweya. Mpweya ukangolowa m'mapapo, mtima umafulumira wokha. N'chifukwa chake maphunziro a Helping Babies Breathe, omwe anayamba mu 2010 ndipo azamba ambiri kuno anawachita, amanena kuti khanda likhale litayamba kupuma kapena kupoperedwa mpweya mphindi imodzi isanathe. Ofufuza pachipatala cha Haydom ku Tanzania anapeza kuti masekondi 30 alionse ochedwa kuyamba kupopa amawonjezera ndi 16 peresenti chiopsezo chakuti khanda limwalire kapena ligonekedwe nthawi yaitali.

Ngakhale mzamba ayambe msanga, pali zinthu ziwiri zomwe maso ndi manja amavutika kuzizindikira. Choyamba ndi chakuti mpweya ukufikadi m'mapapo kapena ayi. Masiki ikapanda kukhala bwino pankhope, mpweya umathawira m'mbali. Mutu ukapindika kwambiri, njira ya mpweya imatsekeka. Dzanja limakhala likufinya thumba pamene khanda silikulandira kanthu. Chachiwiri ndi kugunda kwa mtima. Kuti awerenge, mzamba amamvetsera pachifuwa kapena kugwira chingwe cha mchombo, ndipo ngati palibe womuthandiza amayenera kuyamba wasiya kupopa. Kuwerenga koteroko kumatenga nthawi komanso kumaphonyeka. Choopsa kwambiri n'chakuti khanda lomwe mtima wake ukugunda mofooka lingaganiziridwe kuti labadwa lakufa.

Zipangizo zamakono zomwe zapangidwa m'zaka zapitazi zikulimbana ndi mavuto awiriwa. Chimodzi ndi NeoBeat, chopangidwa ndi Laerdal Global Health ya ku Norway mogwirizana ndi ofufuza a ku Tanzania. N'chopindika ngati chibangili chotseguka ndipo chimavekedwa pathupi la khanda likadali lonyowa. Tizitsulo take timamva mphamvu yamagetsi yochokera mumtima, ndipo pakangopita masekondi ochepa chimaonetsa nambala. Manja onse awiri a mzamba amakhalabe pa ambubagi. Nambala ikamakwera kupitirira 100 pamphindi, ndiye kuti mpweya ukulowa. Ikakhala pansi kapena ikamatsika, mzamba amadziwa kuti akonze kapopedwe: aikenso masiki bwino, awongole mutu, achotse zamadzimadzi ngati zatseka kukamwa, atsegule pakamwa pang'ono, kenako afinye thumba mwamphamvu pang'ono.

China ndi Augmented Infant Resuscitator, chomwe chinayamba ndi Dr. Data Santorino, dokotala wa ana wa ku yunivesite ya Mbarara ku Uganda, pamodzi ndi anzake a ku Boston. Chimalumikizidwa pakati pa thumba ndi masiki, n'kumayeza kuchuluka ndi mphamvu ya mpweya wodutsa. Zizindikiro zake zimamuuza wopopa ngati mpweya ukuthawa, ngati njira yatsekeka, ngati akufinya mwamphamvu kwambiri, kapena ngati liwiro lake lalakwika. Poyesa pa zidole zophunzirira, amene ankaona zizindikirozi ankafulumira kukonza kapopedwe kuposa amene sankaziona.

Zidole zophunzirira nazo zasintha. NeoNatalie Live ndi chidole chomwe chimasunga mmene munthu wapopera, n'kumuonetsa patabuleti pomwe walakwitsa. Mzamba angathe kuyeserera kwa mphindi zochepa asanayambe ntchito popanda mphunzitsi kuchokera ku boma. Phindu la zimenezi linaoneka ku Haydom komweko. Maphunziro a tsiku limodzi anathandiza azamba kukhoza mayeso pa chidole, koma kachitidwe kawo m'chipinda chochilira sikanasinthe kwenikweni. Atayamba kuyeserera pafupipafupi pamalo awo antchito, imfa za makanda m'maola 24 oyamba zinatsika kuchoka pa 11.1 kufika pa 7.2 mwa 1,000 alionse.

Ntchitoyi inakulitsidwa n'kufika m'zipatala 30 za ku Tanzania pa ndondomeko ya Safer Births Bundle of Care, yomwe inaphatikiza zipangizo, kuyeserera pafupipafupi, ndi kukambirana ziwerengero za chipatala chilichonse. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2025 zinaonetsa kuti imfa za ana pobadwa ndi m'maola 24 oyamba zinatsika ndi 18 peresenti. Powerenga zotsatirazi m'pofunika kukumbukira kuti chimene chinayesedwa ndi ndondomeko yonse pamodzi. Chipangizo chongoikidwa m'kabati, kapena chopatsidwa kwa munthu amene sanachiyeserere, sichingabweretse kusintha kotere.

Kwa akuluakulu, luso lomweli likugwiritsidwa ntchito podinikiza chifuwa. Kachipangizo koikidwa pansi pa manja kamayeza ngati wodinikiza akufika kuya kwa masentimita 5 mpaka 6, pa liwiro la maulendo 100 mpaka 120 pamphindi, komanso ngati akulola chifuwa kubwerera mwakale. Makina a AED amayeza okha kagundidwe ka mtima ndipo amalankhula kumuuza wothandiza chochita. Komabe m'madoko a m'mbali mwa nyanja, komwe ngozi yodziwika ndi kumira, wovulala amafanana ndi khanda lija: chimene chamuvuta ndi mpweya. Wongodzipereka amene wavuula munthu wosapuma ayambe ndi kumuuzira mpweya, kenako azidinikiza chifuwa maulendo 30 n'kuuzira kawiri, mobwerezabwereza, thandizo likuitanidwa.

Malawi ali kale ndi phunziro la mmene chipangizo chimakhazikikira. Makina a Pumani, othandiza makanda ovutika kupuma, anapangidwa ndi yunivesite ya Rice pamodzi ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, pogwiritsa ntchito mapampu otchipa komanso osavuta kukonza. Pakafukufuku woyamba, makanda opulumuka anali 71 peresenti poyerekeza ndi 44 peresenti mwa amene analandira okosijeni yekha. Makinawa atafalitsidwa m'zipatala zamaboma, zinaoneka kuti zotsatira zimadaliranso magetsi odalirika, kufunditsa khanda, anamwino ophunzitsidwa ndi amisiri okonza.

Choncho chipatala chaching'ono cha kudera ngati Namwera, Katuli kapena Lungwena chisanalandire chipangizo chatsopano chotsitsimutsira, pali mafunso oyenera kuyankhidwa. Kodi batire lake limachajidwa ndi sola, ndipo limakhala nthawi yaitali bwanji? Kodi chimatsukidwa ndi mankhwala omwe chipatala chili nawo kale? Chikawonongeka, adzakonza ndani, ndipo zosinthira zidzachokera kuti? Kodi pali munthu amene wapatsidwa udindo woonetsetsa kuti anzake akuyeserera sabata iliyonse?

Zina sizidikira chipangizo chatsopano. Ambubagi yoyesedwa, masiki a misinkhu iwiri, chokokera zamadzimadzi ndi nsalu zouma ziyenera kukhala pamalo amodzi mayi aliyense asanachire. Alangizi a zaumoyo ndi ongodzipereka nawo ali ndi gawo lawo m'midzi: kulimbikitsa amayi oyembekezera, m'Chiyao kapena m'Chichewa, kuti azikadikirira kuchipatala masiku akayandikira, kuti khanda likabadwa osalira likhale pafupi ndi mzamba ndi ambubagi yake.