Ndege ya Kauniuni inkamva chiyani pansi pa fodya?

"Achimwene, ndege ija inkadutsa m'munsimunsi ngati igwetsa chigafa, inaona chiyani m'munda mwangamu?" Anandifunsa chomwecho bambo wina ku Kasungu, manja ali pantchito yosoka fodya. Ndinawayankha kuti: "Bambo, sinkaona. Inkangoyeza."

Imeneyo inali ndege ya Kauniuni, kafukufuku amene kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics inachita m'dziko lonse mu 2013 ndi 2014, ndi ndalama za World Bank ndi European Union. Inkauluka pafupifupi mamita 60 kuchokera pansi, kupita ndi kubwerera ngati wolima mizere, mzere ndi mzere kutalikirana mamita 250. Kafukufuku wa 1984 ndi 1985 mizere yake inkatalikirana kilomita yathunthu, ndiye zambiri zinkatsalira pakati.

Chipangizo choyamba cha ndege yotere chimakhala pandodo yotulukira kumchira, kutali ndi zitsulo za injini. Chimayeza mphamvu ya maginito. Miyala ina ili ndi magnetite wambiri, ina wochepa, ndipo kusiyanako kumaonetsa ming'alu ndi mitsempha ya miyala ngakhale itakwiririka mozama. Dzuwa nalo limagwedeza maginito a dziko tsiku lonse, choncho timaika chipangizo china pansi kuti tidzachotsere kugwedezekako. Dzuwalo likavuta kwambiri, ndege siuluka.

Kwa Kasungu chipangizo cha kumchirachi n'chamtengo wapatali. Kuno n'kwachidikha, miyala inafumbutuka kalekale n'kusanduka dothi lakuya. Ndimatha kuyenda tsiku lathunthu osapeza thanthwe loti ndimenyepo nyundo, koma mizere, zulu ndi madambo basi.

Chipangizo chachiwiri cha m'ndege chili ndi makhiristo a sodium iodide amene amaphethira akalandira cheza chochokera ku potassium, thorium ndi uranium. Musaope, chezacho n'chachilengedwe, chili m'dothi lililonse, ndipo ndege siponya kanthu pansi. Koma chipangizochi chimangomva dothi la pamwamba, masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo madzi amachitseka makutu. N'chifukwa chake dambo lonyowa limaoneka lozimiririka pamapu.

Chimene chimandiwawa ndi pamene munthu aona banga lofiira pamapu n'kuyamba kuuza alimi kuti akhalira golide. Mtundu wofiirawo timaupaka tokha pakompyuta posonyeza kuti muyeso wakwera. Kuti tidziwe chimene chaukweza, wina ayenera kupondapo, kutenga dothi, kuboola pansi, n'kupita nazo kukayezetsa. Mapuwo amasungidwa ku dipatimenti yoona za miyala ku Zomba. Bambo aja ndinawauza kuti wobwera ndi nkhani ya chuma cha pansi pa munda wawo ayambe waonetsa zotsatira za kuboolako asanatchule za kugula malo.