Kuthokoza pambuyo pa intavyu: mawu okha, osati kangachepe

Munthu akatuluka m'chipinda momwe amafunsidwa mafunso a ntchito, pa mayeso omwe ambiri amawatcha intavyu, kawirikawiri amaona ngati mbali yake yatha ndipo chatsala n'kudikira foni. Komatu pali kanthu kena komwe angachite tsiku lomwelo: kulemba kalata yaifupi yothokoza omwe amamufunsa mafunsowo.

Mwambowu udazika mizu kwambiri m'dziko la America, komwe ofuna ntchito amalangizidwa kutumiza kalata yotere pasanathe maola 24. M'Malawi muno sudafale kwenikweni. Komabe makampani, mabanki ndi mabungwe omwe si aboma ambiri m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu masiku ano amaitanira anthu kuintavyu kudzera pa imelo, ndipo ena amachititsa intavyuyo pa Zoom kapena Microsoft Teams. Choncho wofuna ntchito amakhala kale ndi adiresi yoti n'kutumizako mawu ake.

Phindu la kalatayi limaoneka munthu akaganizira momwe intavyu imayendera. Gulu lofunsa mafunso limatha kuona anthu khumi patsiku limodzi, onse a maphunziro ofanana, moti pofika madzulo nkhope ndi mayankho zimayamba kusokonekera m'mutu. Kalata yofika madzulo omwewo kapena m'mawa mwake imawakumbutsa za munthuyo komanso imasonyeza kuti ntchitoyo akuifunadi.

Izi sizikutanthauza kuti kalata ingapulumutse munthu amene walephera kuyankha mafunso. M'malo ambiri aliyense wa m'gululo amalemba malikisi ake intavyu ili mkati, ndipo malikisiwo amawonkhetsedwa tsiku lomwelo. Pomwe kalata ingathandize ndi pamene anthu awiri achita mofanana, kapena pamene mpata wina wa ntchito wapezeka patsogolo ndipo olemba ntchito akukumbukira omwe adawaona kale.

Kalata yabwino imakhala ya ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo imanyamula zinthu zitatu. Choyamba ndi kuthokoza kaamba ka mwayi ndi nthawi yomwe gululo lidapereka, potchula dzina la ntchitoyo ndi tsiku la intavyu. Chachiwiri ndi kutchula mfundo imodzi yomwe idakambidwa. Mwachitsanzo, ngati munthu wofuna ntchito yosunga katundu adauzidwa kuti kampaniyo imavutika ndi kaundula wa katundu wolowa ndi wotuluka, angalembe kuti nkhaniyo idamugwira mtima chifukwa ndi ntchito yomwe adaigwirapo. Chachitatu ndi kutsimikiza kuti ngokonzeka kupereka china chilichonse chomwe chingafunike, monga masatifiketi kapena maina a anthu omuchitira umboni.

Chiyankhulo cha kalatayo chikhale chomwe chidagwiritsidwa ntchito pa intavyu, chomwe nthawi zambiri chimakhala Chingerezi. Wolemba aonetsetse kuti maina ndi maudindo a omwe akuwalembera alembedwa molondola, pakuti kalata yothokoza yodzala ndi zolakwika imawononga mbiri yomwe imafuna kumanga. Nkhani ya malipiro, mavuto a kunyumba ndi madandaulo oti munthu wakhala zaka zambiri osagwira ntchito zisalowemo. Kalata yopempha chifundo imaika woilandira pamalo ovuta.

Njira yotumizira nayo njofunika. Choyenera ndi kuyankha imelo yomwe idabwera ndi uthenga woitana, yomwe kawirikawiri imachokera ku ofesi yoona za olembedwa ntchito, ndi kupempha kuti mawuwo akafike kwa onse a m'gululo. Kufufuza nambala ya foni ya m'manja ya bwana, kumutumizira uthenga pa WhatsApp usiku kapena kumusaka pa Facebook kumaoneka ngati kufuna kulowera kukhomo la kuseri.

Apa ndi pomwe pagona ngozi yaikulu. M'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, mawu oti "kuthokoza" nthawi zina amatanthauza kupereka kangachepe: ya Fanta, ya mayunitsi kapena envulopu. Kuthokoza kotereku, ntchito isanaperekedwe, ndi chiphuphu. Lamulo lothana ndi katangale la Corrupt Practices Act la 1995, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau (ACB), limaletsa kupereka kapena kulonjeza mphatso pofuna kukondedwa, ndipo wopereka ndi wolandira onse amakhala pamlandu. Ngakhale chiganizo chonga chakuti "sindidzakuiwalani" chingamveke ngati lonjezo, choncho ndi bwino kuchipewa.

Palinso malo omwe kukhala chete n'kwanzeru. Ntchito zambiri za m'boma zimadzera ku Civil Service Commission ndi makomishoni ena otero, komwe ndondomeko yake njokhwima ndipo zotsatira zimatsamira pa malikisi. Mauthenga ena olengeza mipata ya ntchito amachenjezeratu kuti aliyense wonyengerera akuluakulu kuti amuganizire adzachotsedwa pamndandanda. Chenjezo lotere likakhalapo, kuthokoza pakamwa potuluka m'chipinda n'kokwanira.

Kalata ikatumizidwa, imodzi yomweyo yakwana. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo olemba ntchito ambiri sayankha makalata othokoza, zomwe sizitanthauza kuti munthu walephera. Tsiku lomwe adalonjeza kupereka zotsatira likadutsa, wofuna ntchito angafunse kamodzi mwaulemu kudzera pa imelo yomwe ija.

Yankho likabwera loti ntchito yapita kwa wina, ziganizo ziwiri zothokoza ndi kupempha kuti adzamukumbukire mpata wina ukadzapezeka zimasiya khomo lotsekula. Mizinda ya m'dziko muno njaing'ono, ndipo amene adali m'gulu lofunsa mafunso lero angadzapezeke m'gulu lina ku kampani ina chaka chamawa.