Khola lisadikire kuti nyumba ithe

Mabanja ambiri amene akumanga nyumba kumunda amasamukira kumaloko ndi nkhuku zawo ntchito isanathe. Ndalama zonse zimathera ku njerwa, simenti ndi malata, ndipo nkhuku zimagona m'chisakasa chongoimika mwachangu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya mwera yalimba ndipo chiperoni chakuta madera monga Thyolo ndi Mulanje, chisakasa chotere chimaphetsa ziweto.

Nkhuku yaikulu imapirira kuzizira chifukwa nthenga zake zimasunga kutentha. Chimene chimaigonjetsa ndi mphepo yolowera m'mipata pamodzi ndi chinyezi, pakuti nthenga zikanyowa sizifunditsanso. Choncho mbali ya khola imene mphepo ikuchokera itchingidwe ndi masaka kapena udzu, koma chakudenga kusiyidwe mpata wotulukira mpweya. Kutseka paliponse n'kulakwitsa, chifukwa mpweya wa zitosi ukadzazana umayambitsa chifuwa. Pansi pathiridwe utuchi kapena mankhusu a mpunga ouma.

Anapiye ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35. Akaunjikana malo amodzi n'kumalira ndiye kuti azizidwa, ndipo apansi amafa popanikizidwa. Mbaula imathandiza, malinga makala ayambe ayakira panja mpaka utsi utatha, ndipo itchingidwe kuti isayatse utuchi. Ena amawasunga m'chipinda chongopakidwa kumene pulasitala, kuiwala kuti makoma ake amakhala adakali onyowa.

Chakudya chiwonjezeredwe, popeza thupi limafuna chambiri podzitenthetsa. Katemera wa chitopa nayenso asaphonyedwe chifukwa chotanganidwa ndi amisiri.