Kumanga thanki yagalasi ya nsomba za mbuna ku Mpingu: malangizo kwa maofesi ndi masukulu

LILONGWE – Ana ambiri a ku Mpingu ndi madera ena a kumadzulo kwa boma la Lilongwe amaidziwa nsomba ngati usipa kapena utaka wouma wa pamsika. Mbuna, nsomba za mitundu yowala zomwe zatchukitsa Nyanja ya Malawi pa dziko lonse, ambiri sanazionepo chifukwa gombe la Senga Bay ku Salima lili pa mtunda woposa makilomita 100 kuchokera kwawo.

Izi zili chomwechi, nsombazi zakhala zikutumizidwa ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant adakhazikitsa ntchito yotere ku Senga Bay. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe boma lidakhazikitsa mu 1980, adalowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984.

Thanki yagalasi yokongoletsedwa ndi miyala, mchenga ndi zomera ikhoza kufikitsa chuma chimenechi pafupi ndi anthu, m'masukulu ndi m'maofesi a boma. Luso lokongoletsa thanki motsanzira chilengedwe lidatchuka kudzera mwa Takashi Amano wa ku Japan, yemwe adamwalira mu 2015. Kwa mbuna, chilengedwe choyenera kutsanzira ndi magombe a miyala a Nyanja ya Malawi, kaamba koti nsombazi zimakhala m'ming'alu ya miyala ndi kudya ndere zomera pamiyalapo.

Choyamba ndi kusankha malo. Thanki ya mbuna iyenera kukhala ya malita osachepera 200, ndipo popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, thanki yotere pamodzi ndi miyala ikhoza kufika makilogalamu 300. Tebulo wamba la muofesi silingakwanitse katunduyu. Pakufunika choikapo cholimba, pamalo osapendekeka, pafupi ndi magetsi komanso kutali ndi zenera chifukwa dzuwa likamawomba thanki ndere zimachuluka mpaka madzi kubiriwira.

Miyala ndi mchenga zitsukidwe ndi madzi okha popanda sopo. Miyala iyalidwe kaye pansi pa thanki mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba, ndipo mwala wokhala pamwamba pa mchenga ukhoza kugwa n'kuswa galasi. Miyalayi isanjidwe mosiya mapanga ambiri kuti nsomba yofooka ipeze pobisala, popeza zamphongo zimalimbirana malo. Mchenga wokwana masentimita atatu kapena anayi ndi wokwanira.

Pa nkhani ya zomera, si chilichonse chomwe chingapirire mbuna. Vallisneria, yemwe masamba ake ndi aatali ngati udzu ndipo amapezekanso m'malo osaya a Nyanja ya Malawi, amabzalidwa mumchenga chakumbuyo, mizu yake n'kutchingidwa ndi timiyala kuti nsomba zisazule. Anubias, wochokera ku nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, ali ndi masamba olimba omwe nsomba sizikonda kudya. Ameneyu amamangiriridwa pamwala ndi ulusi, ndipo tsinde lake likakwiriridwa mumchenga limawola. Nyali iziyaka maola pafupifupi asanu ndi atatu patsiku.

Madzi a m'nyanjayi ali ndi mchere wa m'nthaka wochulukirapo, ndipo pH yake imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Madzi a pamjigo, omwe anthu ambiri a ku Mpingu amadalira, ayezedwe kaye asanagwiritsidwe ntchito. A kumpopi amakhala ndi kolorini yemwe amapha nsomba, choncho athiridwe mankhwala ochotsera koloriniyo. Madzi azikhala ofunda pakati pa madigiri 24 ndi 27. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira kwambiri m'chigawo chapakati, motero chotenthetsera madzi n'chofunika. Pampu ya mpweya yoyendera batire kapena sola imapulumutsa nsomba magetsi akazima.

Cholakwika chachikulu chomwe oyamba kumene amachita ndi kuika nsomba tsiku lomwe athira madzi. Ndowe za nsomba zimatulutsa amoniya yemwe ndi poizoni. Mabakiteriya omwe amamusandutsa kukhala zinthu zosaopsa kwenikweni amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti aswane mokwanira m'sefa ya thanki. Pa nthawi yonseyi sefa izigwira ntchito usana ndi usiku, ndipo muziponyedwa chakudya cha nsomba pang'ono kuti mabakiteriyawo apeze chodya. Nsomba zikalowa, gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi lizisinthidwa mlungu uliwonse. Chakudya chikhale cha masamba ndi ndere, pang'ono pokha, popeza chakudya chanyama chochuluka chimatupitsa mimba za mbuna mpaka kufa.

Thanki ikayenda bwino, ophunzira akhoza kudzionera okha nsomba yaikazi ikusunga mazira ndi ana m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, khalidwe lomwenso chambo ali nacho.

Akuluakulu a maofesi ndi masukulu akuyenera kukumbukira kuti ntchito za usodzi m'dziko muno zimayendera lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba. Nsomba zigulidwe kwa ogulitsa omwe ali ndi chilolezo cha Dipatimenti ya Usodzi, ndipo kugwira mbuna m'madzi otetezedwa a ku Cape Maclear n'koletsedwa.

Zomera kapena nsomba zotsala zisatayidwe m'mitsinje, m'madambo kapena m'madamu. Namasupuni, yemwe kwawo ndi ku South America, adafalitsidwa m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsera, koma mumtsinje wa Shire wakhala akusokoneza usodzi ndi ntchito yopanga magetsi ku Nkula ndi Tedzani. Zomera zozulidwa m'thanki ziumitsidwe padzuwa n'kutenthedwa, pomwe madzi osinthidwa athiriridwe m'dimba la ndiwo zamasamba la pasukulupo kapena paofesipo.