MNYONTHO NDI CINYEZI M'CINGELEZI

Mvula ikayandikira, alimi amagula mbeu, feteleza ndi mankhwala zimene malangizo ake analembedwa m'Cingelezi, cinenero cimene boma la Zambia lakhala likugwiritsa nchito kuyambira pa ufulu mu 1964. M'malangizomo mumapezeka mau monga wet, moist ndi damp. Anthu ambiri amawamasulira onse kuti "kunyowa," koma matanthauzo ake ndi osiyana, ndipo kuwasokoneza kungathe kutayitsa mlimi zokolola zake.

Liu lakuti wet limanena cinthu cokhala ndi madzi ooneka ndi maso, monga malaya ongocapidwa kumene. Moist ndi damp amanena madzi ocepa, amene munthu amangowamva pokhudza. Mau awiriwa amasiyana pa mfundo imodzi, ndiyo yakuti madziwo ndi ofunika pamalopo kapena ai.

Moist ndi mnyontho wofunika. Malangizo akati mbeu zibzalidwe mu moist soil, anena dothi loti munthu akalifumbata limagwirana koma osakha madzi. Dothi la lowe, m'mene madzi aima, limachedwa waterlogged, ndipo mbeu ya cimanga imaola m'menemo posowa mpweya.

Damp, kawirikawiri, ndi cinyezi cosafunika, monga ca m'nkhokwe yodontha kapena ca bulangete losauma bwino. Pepala likacenjeza za damp, ndiye kuti pali ngozi ya cuku. Mtundu wina wa cuku umene umamera pa cimanga ndi nshawa umatulutsa ululu wochedwa aflatoxin. Ululu umenewu umaononga ciwindi, ndipo kuphika sikuucotsa.

Cimanga cacinyezi cimagwira cuku msanga. Ndi cifukwa cake bungwe la Food Reserve Agency limayamba lapima cimanga lisanagule, ndipo limafuna kuti moisture content isapitirire 12.5 peresenti. Liu lakuti moisture, ngakhale ndi mbale wa moist, siliyamikira kapena kudzudzula. Limangonena madzi amene ali m'kati mwa cinthu.

Palinso mau ena a mtundu womwewu. Humid amanena mpweya wokhala ndi cinyezi cambiri, monga wa m'cigwa ca Luangwa mvula ikagwa kunja kutatentha, pamene thukuta limakana kuuma. Dank ndi cinyezi cozizira ca m'phanga. Nyemba zobviikidwa m'madzi usiku wonse ndi soaked, munthu wobvumbwa mpaka malaya kumamatira ndi drenched, ndipo buledi wolowa madzi nkufewerathu ndi soggy.

Cinyanja naco cimasiyanitsa kunyowa, kubviika, kubvumbwa, mnyontho ndi lowe. Motero aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi ana a sukulu amene amawerengera makolo ao mapepala ayenera kusankha liu loyenera pomasulira. Mlimi akamva moist adziwe kuti ndi mnyontho umene mbeu imafuna, ndipo akamva damp ayambe wayanikanso cimanga cake asanacithire m'matumba.