Filimu ya Bringing Up Baby: Pamene Inacita Bwino ndi Pamene Inalephera

Filimu yoseketsa ya ku America yochedwa Bringing Up Baby, imene kampani ya RKO inatulutsa mu February 1938, lero iwerengedwa pakati pa mafilimu anthabwala opambana a ku Hollywood. Koma pamene inayamba kuonetsedwa sinabweze ndalama zoposa madola 1 miliyoni zimene zinagwiritsidwa nchito poikonza, ndipo caka comweco gulu la eni nyumba za sinema linaika Mai Katharine Hepburn pa mndandanda wa ocita sewero amene sanali kukokanso anthu.

Filimuyi ndi ya mtundu wochedwa screwball, dzina locokera ku masewera a baseball, kumene litanthauza mpira woponyedwa mokhota kuti usokoneze womenya. Mafilimu otere anafala kuyambira mu 1934, caka cimene Hollywood inayamba kutsata mwamphamvu malamulo oletsa kuonetsa poyera za cikondi ca m'nyumba. Okonza mafilimu anapeza njira yozembera: mwamuna ndi mkazi anali kuonetsana cikondi mwa kukangana ndi kugwetsana m'mavuto.

Bambo Cary Grant acita mbali ya David Huxley, katswiri amene watha zaka 4 akulumikiza mafupa a cinyama cakalekale ca brontosaurus. Kwatsala fupa limodzi, ukwati wake uli mawa, ndipo afunafuna mphatso ya madola 1 miliyoni ya nyumba yosungiramo zakale. Ndiye akumana ndi Susan Vance, mtsikana wa ku banja lolemera, amene am'kokera ku Connecticut pamodzi ndi nyalugwe woweta wochedwa Baby. Kumeneko galu aba fupa lija nalikwirira, nyalugwe athawa, ndipo pafupifupi onse athera m'citokosi ca apolisi.

Mphamvu yaikulu ya filimuyi ndi liwiro. Wotsogolera, Bambo Howard Hawks, sapatsa woonerera mpata wopuma: vuto lisanathe labala kale lina, ndipo nyimbo zoimbidwa kumbuyo n'zosowa, kotero kuti mau a anthu ndiwo anyamula zonse. Cinanso n'cakuti amene athamangitsa mnzake ndi mkazi. Susan ndiye asankha mwamuna, ndiye ayendetsa galimoto, ndiye akonza mabodza, pamene David, ndi magalasi ake ndi maphunziro ake onse, angotsatira akudandaula, mpaka kupezeka atavala mkanjo wacikazi cifukwa zovala zake zatengedwa. A Grant aseketsa cifukwa saonetsa kuti afuna kuseketsa. Nkhope yao ndi ya munthu amene akuvutikadi. Mai Hepburn anali asanazolowere sewero lotere, ndipo anathandizidwa ndi Bambo Walter Catlett, katswiri wakale wa nthabwala, amene m'filimumo ndiye wapolisi.

Nyalugweyo anali weniweni, dzina lake Nissa. Mai Hepburn sanali kumuopa, koma a Grant anali kum'talikira, ndipo zithunzi zambiri zoonetsa nyamayo pafupi ndi anthu zinajambulidwa padera n'kulumikizidwa pambuyo pake.

Cofooka cacikulu anacichula ndi a Hawks eni ake patapita zaka: m'filimumo mulibe munthu ndi mmodzi yemwe wamaganizo okhazikika. Dokotala, wapolisi, wosamalira munda, mlendo wodzitama ndi ulenje, onse mitu yao siyenda bwino. Misala iseketsa ikakhala pafupi ndi munthu wanzeru woiyang'ana modabwa. Onse akapenga, woonerera asowa poima, ndipo mphindi 102 za phokoso zitopetsa, makamaka pa cigawo ca kupolisi cimene catalika kuposa muyeso.

Susan nayenso sakondweretsa aliyense. Atenga galimoto za eni, anama, aononga ukwati wa mnzake, koma cifukwa ndi wolemera palibe cimene cim'gwera. Pothera pake akwera makwerero, mafupa a zaka 4 aja agumuka, ndipo David am'kumbatira. Ena aona pamenepo munthu womasulidwa ku moyo wouma. Koma filimuyo sipereka cifukwa cokwanira cokhulupirira kuti David wam'kondadi, osati wangotopa n'kugonja. Nayenso Alice, bwenzi lake loyamba, analembedwa ngati munthu wosaseka n'colinga cabe cakuti asamveredwe cisoni.

Pali kolakwika kena kamene wa ku Luangwa angakaone msanga. Nkhaniyo inena kuti Baby anatumizidwa kucokera ku Brazil, pamene nyalugwe apezeka mu Africa ndi ku Asia cabe. Wa ku Brazil ndi jaguar. Komanso nthabwala zambiri zagona pa Cingelezi colankhulidwa mothamanga, cimene civuta kutsatira popanda mau olembedwa pansi.

Mbiri ya filimuyi inayamba kukwera pamene inafika pa wailesi yakanema m'zaka za m'ma 1950. Mu 1972 Bambo Peter Bogdanovich anakonza What's Up, Doc? motengera filimuyi, ndipo mu 1990 Library of Congress inaiika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa monga cuma ca dziko la America.