Msasa wa m'munda ku Usisya, chitseko chake ndi galu

Alendo ochokera ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti akagone m'tinyumba taudzu m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhata Bay, kutali ndi magetsi komanso phokoso la galimoto. Eni malo amagonanso m'tinyumba totere, koma kwa iwo ndi ntchito. Kumapiri a kumtunda kwa Usisya, chinangwa chikayamba kukhwima, mlimi amamanga msasa pakati pa munda: mitengo ingapo, udzu pamwamba, mphasa pansi, moto pakhomo. Masana amalimbana ndi anyani, usiku nguluwe. Akangotayirira sabata imodzi, kondowole wa banja lonse wapita.

Msasa ulibe chitseko. Ndiye chifukwa chake simungaupeze wopanda galu.

Si ife tokha. Abusa a ziweto a ku Mongolia amakhala m'nyumba zozungulira zansalu yaubweya zotchedwa yurt, zomwe amazipasula ndi kusamuka nazo posaka msipu. Kumeneko mlendo akamafika, m'malo mwa "odi" amafuula kuti eni nyumba agwire galu. Ophunzira anga a Fomu 2 adaseka nditawauza zimenezi, koma mmodzi, mwana wa mlimi wa chinangwa, adati kwawonso ukafika pamsasa umayamba waitana uli patali.

Ndidagonako mu msasa wotere m'nyengo ya mwera, bwato lomwe ndinkadikira litalephera kunyamuka chifukwa cha mafunde. Mkulu wina adanditenga kuti ndikagone kumunda kwake. Nditaona kuti kutsogolo kuli pululu, ndidafunsa kuti titseka ndi chiyani.

"Aphunzitsi, gonani mtima uli m'malo," adatero akuloza galu wowonda yemwe adadzipinda pafupi ndi phulusa. "Ameneyu akakhala chete, kunja kulibe kanthu."

Adanena zoona. Usiku wa kumunda uli ndi mawu ambiri, ndipo munthu wozolowera nyumba yamalata amadzidzimuka ndi tsamba lililonse. Ndidaphunzira kuyang'ana makutu a galuyo m'kuwala kwa moto. Kadzidzi atalira, sadatukule n'komwe mutu. Chapakati pa usiku adadzuka, ubweya wapamsana utaima, n'kuthamangira kumunsi kwa munda akuuwa. M'mawa tidapeza mapazi a nguluwe ndi mitengo iwiri ya chinangwa itafukulidwa, ina yonse ili bwinobwino. Malipiro ake adali nkhoko za mumphika ndi mitu ya usipa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti galu yemweyu, yemwe amagona pamapazi pa mwini munda ndi ana ake, ndiye amakumana ndi nkhandwe komanso agalu oyendayenda mumdima. Mmenemo ndi mmene chiwewe chimalowera pakhomo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, palibenso mankhwala. Wolumidwa amayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako n'kuthamangira kuchipatala kukabayitsa katemera.

Kuthamanga kumeneku n'kosavuta kunena uli ku Mzuzu. Kuno msewu wake ndi wotsetsereka m'mapiri, ndipo mvula ikagwa madalaivala ambiri amakana kutsika. Sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, ili ndi masiku ake, siyendera galu wakuluma lero. Katemera wa munthu wolumidwa ndi wobaya kangapo pamasiku osiyana, kutanthauza kusiya munda m'manja mwa anyani kapena kulipira ulendo mobwerezabwereza.

Chotsika mtengo ndi kutemera galuyo. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akalandira katemera, chiwewe chimasiya kufala. Koma alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, monga zimachitikira chakumapeto kwa September pokumbukira tsiku lothana ndi chiwewe la pa 28, amene amafika ndi agalu a pafupi ndi msika. Wakumsasa amatsala kumunda, chifukwa akachoka, alonda ndani? Pempho langa kwa mafumu ndi alangizi n'lakuti uthenga uzikwera phiri sabata isanafike, kuti alimi oyandikana minda agwirizane wotsala kulonda pamene anzake atsika ndi agalu pachingwe.